Kuumba kasinja pa kompyuta: vuto lili pa mutu wake

A Mkonzi,

Ndipatseniko danga ndilankhule ndi achinyamata amene akuphunzira kuumba zinthu pa kompyuta ndi mapulogalamu a 3D, makamaka Blender, amene ambiri amamusankha poti ndi waulere. Akangomaliza mpando ndi tebulo, ambiri amathamangira galimoto zankhondo chifukwa ndi zimene amaona m'magemu. Thupi la kasinja amalitha bwinobwino, pajatu ndi mabokosi okhaokha. Koma akafika pa turret, mutu uja wozungulira umene umanyamula mzinga, zinthu zimasokonekera. Mutuwo umatuluka uli makwinyamakwinya ngati chitini chopondedwa, kompyuta nayo n'kuyamba kuuma. Vuto si kompyuta yofooka ayi. Vuto ndi kuchulutsa madontho (ma vertex, timfundo timene timalumikizana kupanga maonekedwe a chinthu) ntchito isanafike pofuna madontho ambiri.

Titenge kasinja wa T-55 wa ku Soviet Union, amene anayamba kupangidwa mu 1958 kuchokera ku T-54, mtundu umene unafikanso kwa anansi athu ku Mozambique. Amalemera pafupifupi matani 36, ndipo mzinga wake ndi wa mamilimita 100. Thupi lake ndi zitsulo zaphwatalala zowotcherera, n'chifukwa chake lili ndi ngodya zakuthwa. Mutu wake sanaupange choncho. Anasungunula chitsulo n'kuchithira m'chikombole cha mchenga, ndipo chitazizira chinatuluka chobulungira ngati mphika wovundikira. Ukauyang'ana kuchokera pamwamba umaoneka ngati dzira, osati bwalo lenileni. Denga lokha ndi limene analiwotcherera pambuyo pake. Kasinja wa Sherman wa ku America alinso chimodzimodzi: wa mtundu wa M4A1 thupi lake ndi lothira m'chikombole, pamene la M4A3 ndi lowotcherera. Wosadziwa kusiyana kumeneku amaumba zonse ndi njira imodzi, ndipo n'pamene amalakwira.

Musanagwire dontho ngakhale limodzi, ikani miyeso ya pulogalamu pa mamita ndipo lowetsani zojambula zitatu: kutsogolo, kumbali ndi pamwamba. Mu Blender mumaziona podina 1, 3 ndi 7 pa numpad, mabatani a manambala a kumanja kwa kiyibodi. Muzisiyanitsa chojambula cha pulani ndi chithunzi cha kamera. Kamera imakulitsa chimene chili pafupi, choncho chithunzi ndi chongoonera mmene kuwala kumayendera pachitsulo, osati chotengera miyeso. Mapulani ambiri a pa intaneti sagwirizana okhaokha: mutu ukhoza kukhala wautali pa chojambula cha kumbali kusiyana ndi cha pamwamba. Sankhani chimodzi chikhale mfumu, zinazo muzikoke mpaka zigwirizane nacho.

Tsono yambani ndi bwalo la madontho 16 okha. Likonzeni lifanane ndi dzira lija poyang'ana pamwamba, mufufute theka, muike Mirror modifier, chida chimene chimakopera theka lotsalalo ku mbali inayo ngati kalilole, ndi kuyatsa Clipping kuti pakati pasang'ambike. Kwezani bwalolo podina batani la E kanayi kapena kasanu, mzere uliwonse ukhale wocheperako pang'ono potsata chojambula cha kumbali, monga mmene woumba mbiya amasanjikizira dongo. Mukatero muli ndi timagawo pafupifupi 80 pa mutu wonse, tonse ta ngodya zinayi, timene timatchedwa ma quad. Pamwamba musatseke pokokera madontho onse pamalo amodzi. Mizere yambiri ikakumana pa dontho limodzi pamatuluka kanyenyezi kotsinika kamene sikachoka ngakhale mutatani. Tsekani ndi ma quad, ndipo Grid Fill imathandiza bola madontho a m'mphepete akhale ogawika pawiri.

Kenako ikani Subdivision Surface, imene imagawa timagawo kuti chinthu chibulungire, pa mlingo 2, ndi Shade Smooth yosalaza maonekedwe. Njira ya Subdivision imeneyi anaitulukira Edwin Catmull ndi Jim Clark mu 1978, ndipo masamu ake ndi osavuta: mlingo uliwonse umagawa kagawo kamodzi kukhala tinayi. Timagawo 80 timakhala 320 pa mlingo woyamba, 1,280 pa wachiwiri, 5,120 pa wachitatu. Tsono taganizani wophunzira amene wayamba ndi timagawo 5,000 n'kuika mlingo 4. Wapatsa kompyuta yake timagawo 1,280,000 pa mutu wokha, mateyala ndi unyolo asanayambe n'komwe. Laputopu ya RAM ya 4 GB imangogwada pamenepo. Choipa kwambiri n'chakuti sangathenso kukonza mpindiko, chifukwa kuti asunthe mbali imodzi ayenera kusuntha madontho mazanamazana, ndipo limodzi likatsalira pamatuluka chotupa. Ndi madontho 16 pa mzere, mukasuntha limodzi mbali yonse imatsatira mosalala.

Subdivision imabulungiza chilichonse, ngakhale pamene simukufuna. Mphepete ya pansi pa mutu imasungunuka ngati sopo. Mankhwala ake ndi kudula mzere wina ndi Ctrl+R pafupi ndi mphepeteyo. Mzere ukayandikira kwambiri ngodya imathwa, ukatalikira imafewa. Pa chitsulo chothira m'chikombole musathwetse kwambiri. Masentimita awiri kapena atatu kuchokera m'mphepete amakwana pa kasinja wa msinkhu weniweni. Crease ya Shift+E, imene imathwetsa mphepete popanda kudula mzere, ndi yachangu, koma kawirikawiri imatayika mukatumiza ntchito ku pulogalamu ina, choncho ine ndimaona kuti mizere yeniyeni ndiyo yodalirika.

Pamene ambiri amagwera ndi pa mabowo. Mutu wa T-55 si wofanana mbali zonse: chitseko cha mkulu wa kasinja chili kumanzere, cha wolonga zipolopolo chili kumanja; kumanzere kwa mzinga kuli bowo la chounikira cha wowombera, kumanja kuli la mfuti ya chiwaya. Apa Mirror yatha ntchito, muichite Apply, kutanthauza kukhazikitsa zimene yachita kuti zikhale madontho enieni. Koma musanaboole, koperani mutu wosalalawo ndi Shift+D n'kuubisa. Umenewo ndiye chikombole chanu, musaukhudzenso. Pa mutu wogwirirapo ntchito chitani Apply mlingo umodzi kapena iwiri ya Subdivision kuti pakhale madontho okwanira, ndiye muboole. Bowo lililonse lizunguliridwe ndi mzere wathunthu wa ma quad, ngati mkombero wa dengu. Mukaboola, madontho oyandikana ndi bowo amasuntha ndipo chitsulo chimapindika. Ikani Shrinkwrap modifier yolozera ku mutu wobisika uja, ndipo idzakokera madontho onse pa mpindiko woyamba. Madontho a mkati mwa bowo muwachotse mu vertex group, gulu la madontho limene Shrinkwrap ikugwira, apo ayi idzawakokera kunja n'kutseka kuya kwa bowolo.

Ena amathamangira Boolean, chida chodula chinthu ndi chinzake, poti imaboola m'kamphindi. Pa chitsulo chaphwatalala palibe vuto. Pa chobulungira imasiya timagawo ta ngodya zambirimbiri ndi tina tatitali topyapyala, ndipo mukaikanso Subdivision pamwamba pake mithunzi yakuda imamwazika mozungulira bowo. Ngati mwasankha Boolean, ikhale yomalizira, pambuyo pa Subdivision, ndipo mphepete mwake muzifewetse ndi Bevel.

Zitseko, zogwirira, magalasi ndi nyali zikhale zinthu zapazokha zongokhazika pamwamba. Kufakitale nakonso anazipanga padera. Kuyesa kuzitulutsa m'thupi limodzi ndi kudzipalira makala pamutu.

Mtundu wotuwa umene pulogalamu imaonetsa poyamba umabisa zilema. Sinthani ku matcap (utoto wongoonera maonekedwe a chinthu) yonyezimira, makamaka ija ya mizeremizere, muzunguze mutuwo pang'onopang'ono. Mizere ikamayenda ngati madzi, ntchito ili bwino. Ikathyoka kapena kuzungulira malo amodzi, pamenepo pali dontho lolowa mkati, kapena pamene mizere itatu kapena isanu yakumana pa mpindiko waukulu. Madontho otere sangasoweretu, koma asamutsireni pamalo aphwatalala monga padenga. Zilema zina n'zazing'ono koma zimadya tsiku lathunthu. Madontho awiri ogundana amang'amba chitsulo, ndipo Merge by Distance imawaphatikiza. Timagawo toyang'ana mkati timadetsa mbali imodzi, Shift+N imatitembenuza. Bevel ikamakula mbali imodzi kuposa inzake, ndiye kuti munakoka chinthucho osachita Apply Scale ndi Ctrl+A.

Khungu la chitsulo chothira mu mchenga limakhala lokhakhala pang'ono, ndipo pa Sherman pamaonekanso manambala otukuka a kufakitale. Zimenezi musaziumbe ndi madontho. Gwiritsani ntchito Noise Texture yolowa mu Bump, zimene zimangoonetsa tizigoba popanda kuwonjezera madontho, mphamvu yake ikhale yochepa, chifukwa tizigobazo kuya kwake ndi timamilimita tochepa chabe. Mukapyoza, kasinja amaoneka ngati wavala chikopa cha ng'ona. Zitsulo zaphwatalala za thupi zikhale zosalalirapo, kuti woona adziwe msanga chothira ndi chowotcherera. Ndipo poti magetsi athu sachenjeza akamazima, sungani fayilo yatsopano musanachite Apply iliyonse.

Pempho langa lipite kwa aphunzitsi a m'makoleji ndi m'malo ophunzitsira makompyuta. Musamathere pa mabokosi. Patulani sabata yathunthu ya chinthu chimodzi chobulungira, ndipo muike malire akuti wophunzira asapitirire timagawo 100 asanaike Subdivision. Poyesa ntchito yake, zimitsani modifier muone mafupa ake, osati chithunzi chomaliza chokha. Dzanja limene laumba mutu wa T-55 moyenera lidzaumbanso boneti ya galimoto, mphuno ya minibasi, thanki ya njinga yamoto ndi mimba ya bwato, ndipo zimenezi ndi zimene otsatsa malonda ndi opanga makanema amalipira.

Wophunzitsa za 3D,
Blantyre