Ku chionetsero cha ku Texas, pitani kumakola

Akonzi,

Ndipatseniko danga m'nyuzipepala yathuyi ndinenepo za chionetsero chapachaka cha kuno ku Dallas, ku America, komwe ndikukhala. Abale kumudzi akaona zithunzi zake pa Facebook amangondifunsa za chimphona chovala chipewa ndi zakudya zokazinga. Koma pali mbali ina imene anthu saijambula kawirikawiri, ndipo ndikufuna alangizi a zaulimi ndi aphunzitsi kwathuko aimve.

Dzina lake ndi State Fair of Texas, ndipo chidayamba mu 1886. Chimatsegulidwa kumapeto kwa Seputembala n'kutenga masiku 24, anthu olowa pachipata n'kupitirira 2 miliyoni. Malo ake amatchedwa Fair Park. Nyumba zambiri zokongola pamenepo zidamangidwa mu 1936, pomwe Texas inkakumbukira kuti patha zaka 100 chidzipatulireni ku Mexico.

Chimphona chija ndi Big Tex, chidole chotalika pafupifupi mamita 17, chovala jinzi ndi jombo, chimene chimalonjera anthu ndi mawu okhuthala. Poyamba chidali Santa Claus m'katauni ka Kerens. Eni chionetsero adachigula mu 1951 pa madola 750, n'kuchiveka za woweta ng'ombe, ndipo chakhala chikuima pamenepo kuyambira 1952. Chitapsa ndi moto mu 2012 anthu akuona, nkhani yake idamveka ngati uthenga wa maliro. Chaka chotsatira adaimika china. Palinso chigudumu chokwerapo anthu cha Texas Star, chotalika pafupifupi mamita 65, magalimoto atsopano, ndi mpira wachiamerika wa mayunivesite a Texas ndi Oklahoma m'bwalo la Cotton Bowl.

Za zokazinga sindichulutsa gaga m'diwa. Soseji yobaya pakamtengo, yoviika m'phala la ufa wachimanga n'kukazinga, a banja la Fletcher akhala akugulitsa pamenepo kuyambira 1942, ndipo imeneyo ndiye ndingakuuzeni kuti mugule. Zinazo ndi mpikisano chabe wofuna kudabwitsana. Mu 2009 munthu wina adapata mphotho pokazinga batala weniweni. Ndidalawako, adandikola nthawi yomweyo.

Tisaiwale kuti chipata chimenechi sichidali chotsegukira aliyense. Kwa zaka zambiri anthu akuda ankapatsidwa tsiku lawolawo. Mu 1955 mayi Juanita Craft adatsogolera achinyamata a bungwe la NAACP, lomenyera ufulu wa anthu akuda, kukaima ndi zikwangwani pachipata kukana tsiku limenelo, ndipo tsankho lidatheratu pachionetserochi mu 1967. Pasadapite nthawi, mabanja a anthu akuda oyandikana ndi malowa adasamutsidwa kuti papezeke poimika magalimoto. Ndikamaimika yanga, zimenezi zimandibwerera m'mutu.

Tsopano kumakola. Mukalawirira m'mawa, anthu asanachuluke, mudutse mahema a zakudya mpaka kumene kukuchokera fungo la ndowe. Kumeneko mupeza ana asukulu ochokera m'madera akumidzi a Texas, ambiri a iwo a m'makalabu a achinyamata ophunzira za ulimi otchedwa 4-H ndi FFA. Ndidaima nthawi yaitali ndikuyang'ana kamtsikana kena, msinkhu wa Sitandade 7, kakusambitsa ng'ombe yake yofula ndi sopo. Katatha kadaiumitsa ndi makina a mphepo, n'kuyamba kuipesa ubweya wa m'miyendo. Ng'ombeyo inali chiphona, koma inkamvera kachingwe ka m'dzanja la mwanayo. Bambo ake adangoima pambali atagwira ndowa. Nditafunsa, mwanayo ndi amene adandiyankha: imadya chakuti, kangati patsiku, inkalemera mwakuti pomwe ankaigula ili kamwana. Zonse adazilemba m'kabuku.

M'bwalo, ana amalowa aliyense ndi chiweto chake, kaya ng'ombe, nkhumba, mbuzi kapena nkhosa. Woweruza amazungulira, kugwira msana, kupapasa nthiti, kuona kayendedwe. Chimene chidandigwira mtima n'chakuti samangoloza wopambana basi. Amatenga chimkuzamawu n'kufotokozera khamu lonse chifukwa chimene iyi yaposera inzake. Mwana wogonja amachoka akudziwa chokakonza chaka chamawa, ndipo ife oonerera taphunzira ulere.

Ziweto zopambana amazigulitsa pa okushoni. Makampani ndi anthu achuma amalimbirana dala, kukweza mtengo kuposa wa pamsika, moti ng'ombe yopambana zonse imadutsa madola 100,000. Gawo la ndalamazo limapita kwa mwanayo, lina kuthumba lolipirira achinyamata maphunziro a kukoleji. Ena amatuluka m'bwalomo misozi ili chuchuchu, pakuti akudziwa kuti chiweto chimene akhala nacho miyezi yonseyi chikupita kokaphedwa.

Ine ndidakula ndikuweta mbuzi. Ndinkadziwa imene ili ndi bere, imene yayamba kutsegula m'mimba, imene imatsogolera zinzake kumunda kwa eni. Koma mbuzizo zidali za amalume, ndipo tsiku logulitsa mwana sankaitanidwa pokambirana mtengo. Ana ambiri kwathu amakula chomwecho, n'chifukwa chake akangogwira pensulo amaona khola ngati chilango.

Pempho langa likupita kwa okonza zionetsero za ulimi, kuyambira za m'maboma mpaka chachikulu cha ku Chichiri mu Blantyre. Sindikunena kuti timange chimphona, ndipo madola a kunoko ife tilibe. Ndikupempha kuti pakhale gawo la ana. Mwana alembetse kambuzi kapena nkhuku zake kwa mlangizi chaka chikamayamba, azilemba m'kope chimene akudyetsa ndi katemera amene wabayitsa, tsiku la chionetsero adzaime yekha pamaso pa woweruza. Woweruzayo afotokoze zifukwa zake m'chinenero chimene agogo a mwanayo angamve. A mabutchala ndi mahotela a paboma aitanidwe kudzapikisana pogula, ndipo ndalamazo zipite ku fizi, yunifolomu ndi kambuzi kena ka chaka chamawa.

Ndine wowerenga wanu,
Mmalawi wa ku Dallas, Texas