Dandaulo pa phukusi la ma mod a Fallout: New Vegas lomwe munandigulitsa

Kwa a bwana oyang'anira madandaulo a makasitomala,

Moni bwana. Ndikulemba kalatayi chifukwa maimelo awiri omwe ndinatumiza kale simunayankhe, kupatula kauthenga kongobwera kokha kaja konena kuti mwalandira ndipo mundiyankha posachedwa, posachedwa wakewo mpaka lero sanafike. Nkhani ndi ya phukusi la ma mod (mafayilo owonjezera osintha gemu) a gemu ya Fallout: New Vegas lomwe ndinagula kwa inu mwezi watha, lija mumalitsatsa kuti munthu ungodina kamodzi basi gemu yakonzeka, palibe kukrasha, palibe kuvutika ndi load order (ndondomeko yomwe gemu imatsegulira ma mod), komanso mumati zonse zomwe zili mkatimo ndi zogwirizana ndi lore (nkhani yeniyeni ya dziko la mu gemuyi) ndipo mumapereka ndi kabuku kofotokoza mbiri ya dziko la mu gemuyi. Pa zonse munalonjezazi palibe olo chimodzi chomwe chachitika, ndiye ndati ndikulongosolereni bwinobwino kuti mawa musadzati sitinamve vuto lake.

Ine gemuyi sindinayiyambe dzulo ayi. Inatuluka 2010, ndi ya 32-bit, injini yake ndi yokalamba ndipo aliyense amene anayiseweretsapo amadziwa kuti ukangoyiika yokha osayikonza imakhala ndi matenda ake. Kale ma mod ndinkaika ndekha ndi Mod Organizer 2, koma ntchito imeneyo imadya wikendi yonse, kuwerenga, kuyesa, kuchotsa, kuyesanso, ndiye panopa nthawi ndilibe. Chomwe ndimalipira kwa inu sanali ma modwo chifukwa amenewo ndi aulere ndipo ndikudziwa komwe amapezeka, ndimalipira kuti munthu wodziwa andichitire ntchito yotopetsayo. Koma zomwe ndaona zikusonyeza kuti amene anamanga phukusili sanayiseweretsepo gemuyi olo ola limodzi.

Tsiku loyamba gemu sinafike ndi pa menyu pomwe. Ndikadina Play sikirini imada kaye kenako ndabwerera pa desktop, kasanu konse chimodzimodzi. Nditatsegula ma plugin anu (mafayilo a ma mod omwe gemu imawerenga) mu pulogalamu yowafufuzira ya FNVEdit ndinapeza kuti imodzi ikufuna master (fayilo yomwe imadalira) ya mod ya Tale of Two Wastelands (TTW), yomwe mu phukusi lanu mulibe ndipo singakhalemo, paja imeneyo imafuna munthu akhale ndi Fallout 3 ndi ma DLC (zigawo zowonjezera za gemu) ake onse kuti alumikize magemu awiriwa. Ndiye munatenga patch yopangira anthu a TTW nkuyiponya mu phukusi la New Vegas wamba? Plugin ikasowa master wake gemu siyidzuka, zimenezi ndi za tsiku loyamba la munthu wophunzira ma mod. Ndinaichotsa ndekha, ntchito yomwe ndinalipira kuti ndisagwire.

Itadzuka ndinati basi mwina kanali kamodzi komweko. Mu gemumo ndadzuka pa bedi la Doc Mitchell ku Goodsprings komwe nkhani imayambira, mdala uja wandifunsa dzina, ndayenda mpaka pa makina aja oyesera SPECIAL (mphamvu ndi maluso a munthu wako), ndakhala pa sofa wandionetsa zithunzi zake za inki zija, wandipatsa Pip-Boy (kakompyuta kovala pamkono) ndi suti ya Vault 21, zonse bwinobwino mtima wayamba kukhala pansi. Ndangogwira chitseko kuti nditulukire panja padzuwa paja, phiii, gemu yazima. Ndayambanso, ulendo uno ndatuluka koma pomwe pamayenera kuima Victor, loboti ya nkhope ya kauboyi ija, panali chikhomo chachikulu chofiira chokhala ndi chizindikiro chofuula pakati, chikuyenda chokha mumsewu nkumandipatsa moni. Ndinaseka koma sikunali kuseka kwabwino. Chikhomo chimenecho chimatanthauza kuti mesh (fayilo ya kaumbidwe ka chinthucho) yasowa, ndiye kuti munaika plugin koma mafayilo ake munawasiya. Mpaka pa saloon ya Trudy ndinawerenga zikhomo zinayi.

Nditafufuza za kukrashako ndinapeza zinthu ziwiri zomwe mpaka pano zikundidabwitsa. 4GB patch simunaike nkomwe, pomwe mwadzaza ma texture (zithunzi zokutira zinthu za mu gemu) akuluakulu pa gemu yomwe payokha imangogwiritsa ntchito 2GB ya memory, ndiye ikadzadza mumati ipite kuti. Chachiwiri munaika New Vegas Stutter Remover, yomwe anthu anasiya kalekale chifukwa imakrashitsa gemu pa Windows 10, ndipo munayiika limodzi ndi New Vegas Tick Fix yomwe inabwera kudzalowa mmalo mwake. Zinthu ziwiri zikulimbirana ntchito imodzi. xNVSE, pulogalamu yomwe ma mod ambiri amadalira, yomwe munaikayonso ndi yakale moti ma mod ena anu omwe akudandaula pa sikirini kuti akufuna yatsopano.

Koma zonsezi ndikanakhululuka, chomwe chandiwawa ndi ichi. Installer yanu ili ndi gawo lomwe imati ikuyeretsa zakale, osafunsa, osachenjeza, ndipo inafufuta foda yonse ya FalloutNV mu My Games. Mmenemo ndi momwe mumakhala ma ini (mafayilo a ma setting) inde, koma ndi momwenso mumakhala foda ya Saves. Munali seivu yanga yomwe ndakhala ndikuyisamutsa kuchoka pa kompyuta ina kupita pa ina kwa zaka, Courier wanga (munthu amene umaseweretsa mu gemuyi) amene anamaliza ma DLC a Dead Money, Honest Hearts ndi Old World Blues, ndipo Lonesome Road ndinkaisunga dala kuti ndidzaimalize komaliza ndikadzakhala ndi mpata wabwino. Mu Recycle Bin mulibe. Ndayesa mapulogalamu obwezeretsa mafayilo abweza zidutswa zomwe gemu ikukana kutsegula. Mwina kwa inu ndi kafayilo chabe koma mmenemo munali Boone, mnzanga wa mu gemu, amene ndinamuthandiza kupeza yemwe anagulitsa mkazi wake ku Novac, munali zisankho zomwe ndinapanga ndili munthu wina zaka zapitazo ndipo sindingazipangenso chimodzimodzi. Komanso mmalo mogwiritsa ntchito mod manager yomwe imasiya foda ya gemu ili yoyera, inu munangokhuthulira chilichonse mu Data, ndiye kuti ndichotse zinyalala zanu ndinachita kufufuta gemu yonse nkuidawunilodanso.

Tsopano tibwere ku lore, chifukwa apa ndiye mwandinamiza poyera. Kabuku kanu tsamba loyamba kalemba bwino kuti mabomba anagwa pa 23 Okutobala 2077, zikomo pamenepo, koma tsamba lotsatira kakuti nkhani ya New Vegas ikuchitika 2277. Ayi bwana, 2277 ndi Fallout 3 ku Washington, komanso ndi chaka chomwe kunachitika nkhondo yoyamba ya pa Hoover Dam. New Vegas ndi 2281, ndipo zaka zinayi zapakatizo ndiye nkhani yonse, gulu lankhondo la Legion linagonja kwa asilikali a NCR (New California Republic), mtsogoleri wake Caesar anapsa mtima nkulamula kuti kazembe wake Joshua Graham apakidwe phula, ayatsidwe moto nkuponyedwa mu Grand Canyon, kenako mbali zonse ziwiri zakhala zikuyang'anizana pa mtsinje wa Colorado kudikira nkhondo yachiwiri. Mukachotsa zaka zimenezo munthu watsopano samvetsa kuti Burned Man (Graham yemweyo) amene anthu amamunong'ona ndi ndani komanso chifukwa chake asilikali a NCR akuoneka otopa chonchija.

Kabukuko kakutinso ma super mutant anapangika ndi radiation ngati ma ghoul. Eee. Ma ghoul inde ndi radiation, koma ma super mutant a kumadzulo anachokera ku FEV (vayirasi yosintha thupi) ya ku malo a asilikali a Mariposa, mtsogoleri wawo wotchedwa Master ndi amene ankaviika anthu mmenemo, ndi nkhani ya Fallout yoyamba ya 1997 yomwe imachitika 2161. Simukufunikanso kusewera yakaleyo kuti mudziwe, ingokwerani phiri mupite ku Jacobstown mukacheze ndi Marcus, super mutant wa kumeneko, akuuzani yekha. Za Caesar mwalemba ngati anabadwira mu fuko la kuchipululu, pomwe munthuyu ndi Edward Sallow, anakulira kwa a Followers of the Apocalypse, gulu la madokotala ndi anthu ophunzira, anawerenga mabuku a Aroma akale nkugwiritsa ntchito zomwe anawerengazo kugonjetsa mafuko 86. Chomwe chimachititsa mantha pa iyeyu ndi chomwecho, kuti ndi munthu wophunzira amene anasankha kupachika anthu akudziwa, osati wosadziwa kanthu. Inu mwamusandutsa chigawenga wamba.

Kabuku kokha bola, munthu utha kungokatseka. Koma ma mod omwe mwawatcha ogwirizana ndi lore akuphwanya gemu mkati mwenimweni. Pa msewu wopita ku Primm ndinakumana ndi gulu la asilikali asanu ndi mmodzi a Enclave (otsalira a boma lakale la America) atavala power armor akungoyendayenda masana ngati kwawo. Enclave ya kumadzulo inatha mphamvu pomwe oil rig yawo inaphulika kumapeto kwa Fallout 2, kenako Navarro inagwa, ndipo ku Mojave kunangotsala nkhalamba zochepa zomwe zikubisa mbiri yawo, wina ndi dokotala, wina amangokhala phee ku Novac ngati gogo wamba. Quest ya Arcade Gannon, mnzako amene amabisa kuti anabadwira mu Enclave, imakoma chifukwa chakuti umayenda kuwasonkhanitsa mmodzimmodzi anthu oiwalikawa kuti avalenso zida kotsiriza. Ndiye ngati Enclave ili mbwee pamsewu uliwonse, Arcade akubisa chani?

China chomwe chinandipweteka mutu, mwachotsa zilombo zoopsa zija, ma cazador ndi ma deathclaw onse, kumpoto kwa Goodsprings ndi ku Quarry Junction, mwati kuti gemu isavute kwa oyamba kumene. Bwana zilombo zimenezo sizinaikidwe pamenepo mwangozi. Ukatuluka mu Goodsprings magetsi a Strip, pakati pa mzinda wa New Vegas, ndi nsanja ya Lucky 38 umaziona pafupi pomwepa, mtima umafuna kungodutsa chindunji, koma anthu amakuchenjeza, ogwira ntchito ku Sloan amakuuza kuti bwerera, ndipo ukachita makani cazador amakuphunzitsa. Ndiye umazungulira kummwera, Primm, Mojave Outpost, kenako Nipton komwe umapeza utsi, anthu ali pa mitanda, wina akuthamanga kukondwa kuti wawina lotale, ndipo Vulpes Inculta wa Legion akukuuza modekha kuti pita ukauze ena zomwe waona. Apo ndi pomwe umayidziwira Legion usanamve dzina la Caesar kawiri. Ukamafika ku Strip kwa Benny amene anakuwombera ndi Mr. House wolamulira kumeneko umakhala utaona kale mbali zonse ndi maso ako. Ndi mod yanuyi munthu amafika pa geti la Freeside, pafupi ndi Strip, pa mphindi zochepa asakudziwa kalikonse, ndipo mwati zimenezi ndi zogwirizana ndi lore. Odziwa njira amatha kuzembera kumpotoko ndi Stealth Boy (kachida kopangitsa munthu kusaoneka), koma kumeneko ndi kusankha kwawo ndipo amatuluka thukuta, si kuti msewu wasesedwa.

Sindikudana ndi ma mod osintha zinthu ayi, ine ndemwe ndinaseweretsapo gemuyi ndi mfuti zamakono ndi zina zopusa zongosekera, koma ndinkadziwa chomwe ndaika. Vuto ndi kulemba chizindikiro chabodza pa katundu.

Ndiye pali nkhani ina yomwe ndinaitulukira pofufuza zonsezi. Ma mod ambiri mu phukusi lanu ndi a anthu omwe anawaika ulere pa Nexus Mods, ndipo angapo mwa omwe ndinawayang'ana eni ake analemba poyera kuti musawaike kwina ndipo musawagulitse. Inu mwachotsa ma readme awo, mayina awo palibe paliponse, ma plugin ena mwangowasintha dzina nkuika la kampani yanu kutsogolo, koma ukatsegula header mu FNVEdit dzina la mwini wake likadali pomwepo. Anthu amenewa ndi amene agwira gemuyi kuti isafe zaka zonsezi osalandira kanthu, ndiye ine kudziwa kuti ndalama yanga yapita kwa amene wawabera zikundinyansa kuposa kukrasha kuja.

Chomwe ndikufuna ndi ndalama yanga yonse, osati voucher yoti ndigulirenso phukusi lina kwa inu, limenelo sindilifuna. Seivu yanga ndikudziwa simungaibweze, koma gawo loyeretsa lija lichotseni lero lomwe kapena lizifunsa kaye ndi kusunga kope ya foda ya Saves, chifukwa pali wina amene agule mawa nkutaya zake ngati ine. Mawu oti zogwirizana ndi lore achotseni pa malonda anu mpaka mutapeza munthu amene anayisewera gemuyi kuti akonze kabukuko, ndipo eni ma mod alembereni muwapemphe chilolezo kapena muchotse ntchito zawo.

Ndaphatikiza risiti yanga, ma screenshot a zikhomo zofiira zija, load order yonse momwe installer yanu inayisiyira, ndi masamba a kabuku omwe ndalemba mizere pomwe pali zolakwika, alipo ambiri kuposa omwe ndatchula muno. Ndidikira yankho la munthu weniweni mpaka Lachisanu la sabata yamawa, likapanda kubwera ndikadandaula komwe ndinalipirira kuti andibwezere okha, ndipo eni ma mod aja ndiwatumizira mndandanda wa mafayilo awo omwe ndawapeza mu phukusi lanu.

Ndine kasitomala wanu,
amene anagula phukusi la New Vegas mwezi watha