Ndinasayina ndekha fomu ya filimu imene mwana wanga wasewera

Azakhali,

Pano ndi 2 koloko usiku, tulo sitikubwera. Dzina langa musalembe chonde.

Ndili ndi mwana wamkazi wa zaka 17. Chaka chatha anabwera akudumphadumpha kuti amusankha pa odishoni ya filimu. Si ya makampani akuluakulu aja ayi, ndi achinyamata okhaokha, dairekita wake mtsikana ndithu, onse ogwira ntchito osakwana 10, kamera imodzi yobwereka, ndalama anachita kupemphetsa pa intaneti. Poti sanakwane 18 panafunika siginecha ya kholo. Ndinamufunsa kuti ndi filimu yanji, iye anati yoopsa, pali mtsikana wasowa ndipo wina wake akutsatira atsikana usiku. Ndinasayina. Skripiti anandisiyira patebulo, sindikana, koma ndani angawerenge mapeji 90 atangoweruka ku ntchito? Amuna anga akadzamva adzati ndine wosasamala chonsecho iwo ngakhale dzina la filimuyo sanafunsepo.

Anajambula masiku 19 pa holide. Ndinkamuperekeza ndine, juzi yobiriwira imene amavala mufilimumo ndinkasamala ndine, tsiku lina ndinaisita mwa ubwino wanga basi, kamnyamata kena konyamula kabuku kanandikalipira pagulu ati makwinya aja anali ofunika chifukwa dzulo lake anajambula ili yokwinyika ndiye zithunzi sizigwirizana. Ine mayi wamkulu. Ambulera yanga imene anabwereka kuti aphimbire kamera mpaka lero sinabwerere. Anthu onse aja ankandiona tsiku ndi tsiku, moni mayi, mwadzuka bwanji mayi, palibe ndi mmodzi yemwe anandikokera pambali.

Loweruka lapitali anaitana makolo kuti tikaonere asanamalize kuikonza, nyimbo anali asanaikemo. Azakhali, mtsikana wosowa uja mufilimumo ndi chibwenzi cha mwana wanga. Atsikana awiri okondana. Akubisa, wina wawaona, wayamba kuwatumizira zithunzi zawo pafoni ndi mauthenga oopseza, kenako mmodzi wasowa ndipo wangayo sangauze apolisi zonse chifukwa akatero ndiye kuti waulula. Zolaula mulibe, ndisaname, amangogwirana manja. Ndipo chimene chikundinyansa n'chakuti yapangidwa bwino, mtima unkagunda, ndinagwira mpando mpaka zala kuwawa.

Koma pali malo amodzi. Ali m'galimoto yoima, kunja mvula, mnzakeyo watsamira paphewa pake wagona, kamera yangoima pankhope ya mwana wanga mwina masekondi 20 popanda mawu. Ineyo ndinamubereka mwanayu. Kuyambira ali kamwana akamanama amaluma mlomo wam'munsi, ngakhale m'malo ena mufilimumo ndinamuona akuluma. Apa sanalume. Sikunali kusewera kuja.

Ndipamene ndinakumbukira kuti mnzakeyu akumabwerabe kwathu Lachisanu lililonse ati kudzayeseza mawu. Kujambula kunatha miyezi 6 yapitayo. Mawu ake ati?

Pobwerera anandifunsa kuti, "Mayi, mwaiona bwanji?" Ine ndinati mawu samamveka bwino. Basi. Anangoyang'ana kuwindo. Lero ndi tsiku lachinayi tikungopatsana moni ngati alendo.

Lolemba ndinaimbira dairekita kuti ndikuchotsa siginecha yanga. Anandiyankha mwaulemu, mpaka ndinakwiya nawo ulemuwo, kuti fomu ija inawapatsa chilolezo chogwiritsa ntchito zonse zimene anajambula ndipo kuchotsa mwana wanga ndiye kuti filimu palibe, anthu onse aja agwira ntchito pachabe, ambiri sanalipidwe akudikira kuti igulidwe kaye. Akufuna kuitumiza ku mafesitivo, anatchula Sundance ya ku America ija imachitika mu Januwale, ati n'chifukwa chake sanaiike pa YouTube poti mafesitivo akuluakulu amafuna kukhala oyamba kuonetsa. Koma kachidutswa koitsatsira katuluka mwezi wamawa. Achemwali anga akaona, aphunzitsi ake akaona, aliyense.

Mwina mukuganiza kuti ndikuopa anthu. Inde ndikuopa. Koma chikundiwawa kwenikweni si chimenecho. Mwanayu anakaonetsa nkhope ija kwa kamera ndi anthu 10 osawadziwa, ine amene ndinkamusungira juzi ayi. Ndinalakwa chiyani? Sindinamumenyepo, foni yake sindiigwira. Ndili wa zaka 16 nanenso ndinali ndi mnzanga wina wake, zimenezo tizisiye, sindinalembere zimenezo. Zinatha moipa chifukwa cha mayi anga ndipo ndinalumbira kuti sindidzakhala ngati iwo, koma Loweruka m'galimoto muja mawu amene anatuluka pakamwa panga anali awo.

Ndiye ndithandizeni. Siginecha ya kholo ikhoza kubwezedwa, kapena ndikalimbana nazo ndimutaya mwanayu? Ndimufunse ndekha kapena ndidikire, nanga akapanda kunena mpaka kalekale? Nanga ngati ndikulakwitsa, ngati ndi luso chabe, ndikamufunsa sindimunyoza? Bambo ake ndiwauze kachidutswa kaja kasanatuluke kapena aone okha? Ndipo Lachisanu mnzakeyo akagogoda ndimulandire bwanji?

Nyali ya kuchipinda kwake ikadali yoyaka, ndikuiona pansi pa chitseko. Ndafikapo kawiri ndabwerera.

Mayi wosokonezeka