Lipoti la msonkhano wa mbiri ya makina owerengera

A Wapampando ndi aphunzitsi anzathu a masamu, tabwerako kumsonkhano umene munatituma. Zokambirana zinali pa makalata ndi timabuku toyamba tofotokoza makina owerengera a magiya, ndiponso pa asayansi amene ankaikira kumbuyo opanga ake. Pafupifupi m'zolemba zonsezo vuto lalikulu linali limodzi, lomwe timavutika nalonso ndi ana ku pulayimale: kusunga 1 pophatikiza, n'kumupititsa kumzere wotsatira.

Wilhelm Schickard wa ku Tübingen, ku Germany, timamudziwa chifukwa cha makalata amene analembera Johannes Kepler, katswiri wa za nyenyezi, mu 1623 ndi 1624. Makina ake ankafika manambala a mizere 6. Amene ankapangira Kepler anapsa ndi moto asanathe, choncho zojambula za m'makalata ndi zimene akatswiri anatsatira popanganso makinawa cha m'ma 1960. Gudumu lililonse likazungulira kamodzi, dzino limodzi linkakankha gudumu loyandikana nalo. Koma pa 99,999 kuphatikiza 1, mphamvu ya dzanja limodzi iyenera kudutsa m'magudumu onse nthawi imodzi. Apa ndi pamene makina otere amalimba kapena kudumphitsa dzino.

Blaise Pascal ndiye tinakhalapo nthawi yaitali, ndipo mpake. Anayamba kupanga makina ake mu 1642 pofuna kupeputsa ntchito ya bambo ake yowerengera misonkho ku Rouen, ku France. Mu 1645 analembera Pierre Séguier, mkulu wa boma la France, kalata yopereka makinawo, pamodzi ndi malangizo a kagwiritsidwe ntchito. Mu 1649 mfumu inamupatsa chikalata choletsa ena kupanga makina otere. Pascal anaika kachitsulo kolemera pakati pa magudumu awiri alionse. Gudumu likamayandikira 9 limakweza kachitsuloko pang'onopang'ono, ndipo likadutsa 9 kufika pa 0 kamagwa kokha n'kukankha gudumu lotsatira malo amodzi. Gudumu lililonse limakhala litasungiratu mphamvu yake, motero mizere ikachuluka dzanja silimva kulemera.

Kuipa kwake, magudumuwo sabwerera m'mbuyo, ndiye kuchotsera kumachitika mwa kuphatikiza. Pa 52 kuchotsa 17, tengani chotsala kuti 52 afike pa 99, chomwe ndi 47. Phatikizani 17, mupeza 64. Chotsala kuti 64 afike pa 99 ndi 35, ndiye yankho. Ndalama za nthawiyo zinawonjezera chintchito, pakuti ma denier 12 ankapanga sol imodzi, ma sol 20 n'kupanga livre, kotero magudumu ena anali a magawo 12 ndi 20, osati 10.

Gottfried Leibniz anaonetsa makina ake ochulukitsa ku Royal Society, bungwe la asayansi la ku London, mu 1673, koma nawonso sankapititsa 1 mokwanira nthawi zonse.

Charles Babbage analembera Humphry Davy, mtsogoleri wa Royal Society, za makina ake owerengera mu 1822, ndipo bungweli litavomereza, boma la Britain linapereka £1,500 mu 1823. Mnzake John Herschel ankamuchirikiza kwambiri. Makina ake, Difference Engine, ankangophatikiza basi. Onani 1, 4, 9, 16: kusiyana kwake ndi 3, 5, 7, ndipo kusiyana kwa izi ndi 2 nthawi zonse. Phatikizani 2 ku 7, mupeza 9. Phatikizani 9 ku 16, mupeza 25, osachulukitsa chilichonse. Ntchito inaima mu 1833 atasemphana ndi mmisiri Joseph Clement, ndipo boma linasiyiratu mu 1842 litawonongapo ndalama zoposa £17,000. Komabe nkhani yofotokoza makinawa imene Dionysius Lardner analemba mu 1834 inafika ku Sweden, kumene Georg Scheutz ndi mwana wake Edvard anapanga makina awo ogwira ntchito. Za Analytical Engine, makina ena amene Babbage ankafuna kupanga, Luigi Menabrea analemba m'Chifalansa mu 1842, ndipo Ada Lovelace anamasulira mu 1843 n'kuwonjezera ndemanga zotalika kuposa nkhaniyo.

Tikupempha komiti ivomereze kuti teremu ikubwerayi kalabu iliyonse ya masamu idule magudumu atatu a katoni, lililonse la magawo 10. Ophunzira aike 099, awonjezere 1, aone okha pamene pakukanika. Pabowo la pakati muike washala, chifukwa katoni imafutukuka msanga ndipo dzino limayamba kuphonya.