Kalata kwa mdzukulu wanga Tiyamike

Chawama, Lusaka

Wokondedwa Tiyamike,

Uli bwanji mdzukulu wanga? Ife kuno tili bwino, kungoti kwazizira, moti agogo ako aakazi sakuchoka pambaula.

Paja unandifunsa pafoni kuti ndikusema chiyani chimene sindikufuna kunena. Lero ndiulule, koma mchimwene wako asamve. Ndikukupangira masewera otchedwa Senet. Anthu a ku Egypt ankawasewera zaka zoposa 4,000 zapitazo, Lusaka kulibe, ngakhale agogo a agogo anga asanabadwe. Ngakhale mafumu ankawakonda. Mu 1922 anthu ofukula zakale atapeza manda a mfumu Tutankhamun, yomwe inalowa ufumu ili kamnyamata, anapezamo matabwa a masewera amenewa. Waona? Nayonso mfumu inkafuna kusewera.

Thabwa ndinakagula kumsika wa Buseko, la mlombwa wouma bwino. Wauwisi ndinaukana chifukwa ukamauma umapindika. Ndinalipala mpaka kusalala, kenako ndinalemba ndi pensulo timabokosi 30, mizere itatu, uliwonse timabokosi 10. Ntchito yowawa ndi yodula mizere ija ndi tchizulo. Umagogoda pang'onopang'ono, chifukwa ukapupuluma thabwa limathetheka m'mphepete ndipo palibe chobwezera. Fumbi lake ndi lofiirira, ladzaza m'ndevu zangazi, ukanandiona ukanaseka.

Tizidole take timayenda mokhotakhota ngati njoka: mzere woyamba kupita uku, wachiwiri kubwerera, wachitatu kupitanso. Pakabokosi ka nambala 27 ndasemapo timafunde tamadzi, monga ankachitira eni ake. Kachidole kako kakagwera pamenepo ndiye kuti kamira, kabwerere m'mbuyo. Usadzalire ayi! Posewera timaponya timitengo tinayi, mbali ina toyera, mbali ina ndatidetsa ndi moto. Kuchuluka kwa toyera toyang'ana kumwamba ndiko kumakuuza kuti uyende kangati.

Chondimvetsa chisoni n'chakuti anthu aja atasiya kusewera, malamulo ake enieni anapita nawo. Amene tikutsatira lerowa ndi ongoyerekeza anthu ophunzira, poyang'ana zithunzi za m'manda ndi zolemba zakale. N'chifukwa chake kuseri kwa thabwa lomweli ndikukumba maenje a nsolo, mizere inayi. Nsolo sinatayike chifukwa madala akuiseweradi pansi pa mitengo mpaka lero, ndipo ine ndinaiphunzira kwa amalume anga pa maenje okumba pansi. Kunena zoona, kwa ine nsolo ndiyo yokoma kuposa ya mafumu ija, pakuti imafuna kuwerenga m'mutu osati mwayi chabe.

Kwatsala kupukuta ndi sandipepa ndi kupaka mafuta. Iweyo ntchito yako nayi: unditolere timiyala tosalala tofanana kukula, todzaza chitini, ubwere nato mukatsekera sukulu mu Ogasiti. Uwapatse moni amayi ako, uwauzenso kuti akuveke juzi pobwera.

Ndine agogo ako aamuna.