Lipoti la msonkhano wokopa ophunzira udokotala ku ntchito ya matenda a m'maganizo

A Wapampando ndi anzanga nonse,

Kumene munandituma ndinakafika, ngakhale pemphero lotsegulira linandipita chifukwa minibasi inachedwa kudzadza. Malisiti ndasiya kale kwa msungichuma.

Tinalipo ophunzira, anamwino, makiliniko ofesala ndi madokotala angapo a nthambiyi. Nkhani inali imodzi: bwanji akatifunsa za m'tsogolo timathamangira opaleshoni, ana kapena azimayi, koma za m'maganizo timazilambalala ngati chitsa?

Zam'mawa ndidutsa msanga poti zambiri mukuzidziwa. College of Medicine inatsegulidwa mu 1991, ndipo mu 2021 inaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing n'kukhala yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS. Madokotala a ku Scotland akhala akuthandiza kuphunzitsa phunziroli kudzera mu bungwe la SMMHEP (Scotland Malawi Mental Health Education Project), ndipo maphunziro a ukatswiri a MMed anakhazikitsidwa. Njira ilipo, oyendamo ndiwo ochepa, mwakuti ntchito yambiri ku Zomba Mental Hospital, ku St John of God ku Mzuzu ndi m'maboma yasenzedwa ndi anamwino ndi makiliniko ofesala.

Masana ndiye kunatentha. Titagawidwa m'magulu, tinaulula zimene timanong'onezana ku hositelo. Wina anati mayi ake sanagulitse mbuzi kuti mwana wawo adzatchedwe dokotala wa amisala. Wina anati odwalawa sachira. Apa ndinakhala chete, chifukwa inenso ndinkaganiza choncho.

Dokotala wina wachikulire sanatikalipire. Anangotifunsa kuti wodwalayo timamuona liti. Zoonadi, timamuona tsiku lobwera: manja omangidwa ndi chitenje, abale atatopa atazungulira kwa asing'anga ndi kumapemphero, ife n'kuthamangira mankhwala oziziritsa misala, haloperidol kapena chlorpromazine. Masabata athu ophunzira muwodi akatha timachoka. Sitimuona mayi uja amene anasokonezeka atangobereka akubwera kukiliniki mwana ali kumbuyo, akudandaula za mtengo wa feteleza ngati wina aliyense. Sitimuona mphunzitsi wobayitsa jakisoni wa fluphenazine, woteteza kuti matenda asayambirenso, mwezi ndi mwezi akupempha kuti amuthandize msanga, ana akudikira m'kalasi. Munthu ungaikonde bwanji ntchito imene sunaonepo zipatso zake?

Anatikumbutsanso kuti si aliyense wolankhula zosokonekera amene ali ndi misala. Malungo a mu ubongo, shuga wotsika, cryptococcal meningitis (matenda oumitsa khosi) mwa amene ali ndi HIV, kusiya kachasu mwadzidzidzi, zonsezi zimasokoneza mutu. Wodwala wotere ukangomulembera kalata yopita ku mental osamuyeza, ukhoza kumutaya panjira. Kunena mosabisa, mfundo imeneyi ndi imene inanditembenuza: ndinkayesa kuti kusankha nthambiyi n'kupachika stethoscope pakhoma.

Panatchulidwanso Friendship Bench ya ku Zimbabwe, imene anayambitsa Dixon Chibanda, kumene agogo ophunzitsidwa amakhala pabenchi n'kumamvetsera anthu amene akuvutika ndi maganizo. Anthu anaombera m'manja, koma ine ndinaona kuti tachoka pamutu, popeza tinabwerera kukopa madokotala. Za malipiro ndi malo a ntchito munthu akamaliza ukatswiri zinangokhudzidwa pamwamba, nthawi itatha kale. Zimenezo sindinakhutire nazo, ndipo ndinanena.

Chimene ndikupempha gulu lathu ndi ichi. Tilembere akuluakulu a dipatimenti kuti wophunzira aliyense azipatsidwa wodwala mmodzi womutsatira mpaka atatuluka ndi kubweranso kukiliniki, wodwalayo akalola. Tiitanenso munthu amene anadwalapo n'kuchira, amene ali wokonzeka kulankhula yekha, adzacheze nafe pa 10 Okutobala, tsiku lokumbukira umoyo wa m'maganizo padziko lonse. Ndipo nthabwala zija timaseka nazo anzathu opita ku Zomba, zoti asakatengereko, tizisiye. A chaka choyamba amamva.

Kalatayo ndiyamba kulemba ine, koma ndikufuna anthu awiri oti tithandizane. Amene mwakonzeka mundiuze pa WhatsApp lisanafike Lachisanu.

Ine nthumwi yanu.