Kalata kwa Mwana Wanga Wophunzitsa ku Chadiza

Mwana wanga wokondedwa,

Uthenga wako ndaulandira kuno ku Chipata, ndipo ndamva kudandaula kwako kuti ana a m'kalasi mwako amaiwala mawu a Chingerezi amene unawaphunzitsa dzulo lake, chikhalirecho pa nthawi ya phunziro amayankha onse mokweza mpaka kumveka kumsewu. Kuyankha kwa chigulu kumeneku kwanyenga aphunzitsi ambiri, pakuti mwana angathe kutsatira anzake ndi pakamwa pokha pamene maganizo ake ali kumunda wa nshawa kapena ku mpira wa madzulo, ndipo mawu amene sanawaikire mtima sakhazikika m'mutu mwake ngakhale awatchule kakhumi.

Choncho uchepetse mawu amene umapereka pa tsiku limodzi. Katswiri wa ku America, George Miller, analemba mu 1956 kuti munthu amatha kusunga m'maganizo zinthu pafupifupi 7 zokha pa nthawi imodzi, ndipo kwa mwana amene kunyumba amamva Chichewa chokha, mawu aliwonse a Chingerezi amabwera ndi katchulidwe kachilendo, kalembedwe kake ndi tanthauzo lake, zonsezo n'kumafuna malo. Ukadzaza bolodi ndi mawu 20, uli ngati munthu wothira chidebe chonse cha madzi m'botolo la kukamwa kochepa. Sankha mawu asanu, ubwere ndi zinthu zake m'manja, kapu, mwala, tsache, ndipo uitane mwana mmodzi ndi dzina lake kuti anyamule chimene watchulacho n'kuchiika pa tebulo. Uyambe wafunsa funso, ukhale chete pang'ono, kenako utchule dzina, chifukwa mwana aliyense akadziwa kuti angaitanidwe amatchera khutu.

Ndikudziwa kuti chiyambire maphunziro aulere kuno ku Zambia mu 2022 makalasi adzaza, ndipo kufikira mwana aliyense n'kovuta. Komabe maso ako azifika kumbuyo. Mwana amene akuwodzera pansi pa malata otentha a mwezi wa Okutobala, atayenda mtunda wautali m'mimba mulibe kanthu, usamuyese waulesi kapena wopanda nzeru. Wina amakhala duu chifukwa samva bwino kapena saona bwino zolembedwa pa bolodi, ndipo ameneyu umusunthire kutsogolo ndi kukambirana ndi makolo ake. Mawu atsopano uziwaphunzitsa kumayambiriro kwa phunziro mitu isanatope, ndipo ukaona kuti ayamba kutsinana ndi kuyang'ana pazenera, uwaimiritse achite ndi thupi zimene mawuwo akunena, monga kulumpha kapena kutseka chitseko.

Za kuiwala usataye nazo mtima. Katswiri wina wa ku Germany, Hermann Ebbinghaus, anasonyeza mu 1885 kuti munthu amaiwala mofulumira kwambiri atangophunzira chinthu, ndi kuti kubwereza pa masiku otalikirana kumathandiza kuposa kubwereza kambirimbiri tsiku limodzi. Mawu a Lolemba uwafunsenso Lachiwiri, kenako Lachisanu, bolodi litafufutidwa, kuti mwana awatulutse yekha m'mutu mwake.

Ndikupemphanso kuti foni yako izikhala m'chikwama pa nthawi ya phunziro, pakuti ana amaona kumene mphunzitsi waika maso ake, ndipo ikangolira kamodzi kalasi yonse yabalalika. Uyese zimenezi kwa mwezi umodzi, ndipo ukadzabwera pa holide udzandiuze makamaka za ana a kumbuyo aja.

Ndine amayi ako.